Mzere wa Khonje

"Vula yunifolomuyo," anatero bambo wa kamera. Ndinavula. Ndinali mu Sitandade 5, ndipo malaya abwino anali omwewo. Anandiimika pabwalo ndi kabudula wong'ambika, pamimba pali mbuu, akuti ndizioneka wakumudzi. Kaya poyamba ndinkaoneka wakuti.

Anabwera atatu kuchokera ku Lilongwe, chaka chimene makuponi a feteleza anayamba kufika kwathu ku Kapelula. Ankajambula filimu ya anthu osunga malo a makolo. Amene anawalola anali atsibweni anga, a Chimphamba, omwe ankayang'anira msitu wa mbumba yathu, momwe munali manda akale. Kutchuka sankakufuna. Mwini esiteti yoyandikana nafe anali atayamba kudula mitengo m'mbali mwa msituwo kuti aziwotchera fodya, n'kumati malire sakudziwika. Malire analipo: mzere wa khonje amene anabzala agogo, kuchokera pachulu mpaka kudambo. Atsibweni ankati khonjeyo akangolowa mu kamera, aboma adzionera okha.

Sabata yonse anandilowezetsa malirewo. Chulu, khonje, muwanga wopsa ndi mphenzi, khonje, dambo. Ndikaphonya ankandikoka khutu. "Ndiwe mwana wa mlongo wanga. Ine ndikafa, wolankhulira malo ano ndiwe."

Tsikulo kunatentha, nyenje zili pakamwa yasa, fumbi likununkha mvula yosabwera. Matumba athu awiri a feteleza anatiuza tiwabise kuseri kwa nkhokwe. Atsibweni, mkulu wa mpingo chibadwire changa, anawavula jekete n'kuwapatsa chipanda cha ufa kuti athire nsembe patsinde pa mtengo. Anathira katatu. Koyamba mbuzi inadutsa, kachiwiri iwo anatsokomola.

"Achimwene, tsopano tiyeni kumalire," anatero atsibweni akusasa mawondo.

"Madala, khonje ali paliponse. Ife tikufuna chikhalidwe."

Ndinayamba kutchula malirewo ndekha, mokweza, monga anandiphunzitsira. Ndinangofika pa muwanga.

"Mwanayo akhale chete, akutiwonongera mawu!"

Zitsa zatsopano zinali pomwepo, utomoni ukadali kuchucha. Kamera inazifulatira. Anajambula mayi akusinja mtondo wopanda kanthu, anatigawira masiwiti, ananyamuka.

Filimuyo sitinaione. Tinangomva kuti kunja anthu anaiombera m'manja. Msitu unatha pang'onopang'ono, khonje anamuzula ndi thirakitala. Manda anawasiyira timitengo tiwiri. Atsibweni anamwalira akupalasabe njinga kupita kuboma, kapepala kodandaula za malire kali m'thumba la jekete lomwe lija. Lero ana akwathu akamva za msitu amayesa nthano.

Chaka chatha bambo wa kamera uja anabweranso, mutu uli mbee, mimba patsogolo. Anafunsira mpaka anandipeza ndikusoka fodya m'chigafa. Anandionetsa pafoni: mwana wopanda malaya, atsibweni atagwada, mitengo ili bii kumbuyo. Akuti akufuna kujambula gawo lachiwiri, aone momwe mwana uja akusungira cholowa.

"Akulu, tiperekezeni kumsitu kuja."

Ndinasamba m'manja, ndinamuperekeza. Tinakwera pachulu, poti pamalire ponse chinatsala ndi chomwecho. Kutsogolo kwathu kunali fodya wa esiteti yekhayekha mpaka kudambo. Anayang'ana uku, anayang'ana uko, anayang'ananso pafoni.

"Tasochera kapena? Nanga msitu uli kuti?"

Ndinatsika pachulupo, ndinabwerera kuchigafa.