Idwal Pugh, woyenda pambuyo

Idwal Pugh anayenda pambuyo panga zaka makumi atatu ndi chimodzi, ndipo anamuchotsa ntchito chifukwa cha tsiku limodzi lokha limene anamuika patsogolo.

Hotela ya a Vaughan, kuno ku Abermaw, imalandira alendo obwera kudzayenda pansi. Amagona sabata yathunthu, ndipo m'mawa uliwonse amatuluka atavala jombo, buledi wa tchizi ali m'chikwama. Lero adzera m'mbali mwa nyanja, mawa kumapiri. Ine ndinkatsogolera, poyamba pa tchuthi cha sukulu imene ndinkaphunzitsa, kenako nyengo yonse nditapuma. Idwal ankakhala womaliza. Malamulo ake anali awiri: asapitirire mlendo aliyense ngakhale woyenda ngati nkhono, ndipo atseke geti iliyonse kuti nkhosa za eni zisatuluke.

Anabadwira pafamu ya nkhosa, sukulu anaisiyira panjira, anagwirako ntchito yokonza njanji, ndipo sanakwatire. M'thumba mwake simunkasowa pulasitala ndi masiwiti a minti. Ine ndinkadziwa mayina a mapiri ndi zaka za miyala. Iye ankadziwa amene watuluka thuza kuphazi, ndi amene waferedwa mwamuna chaka chatha. Alendo pochoka ankathokoza ine, koma makalata a Khirisimasi ankalembera iye. Zimenezo zinkandinyansa, sindibisa.

Mayi Vaughan atamwalira, hotela inagwera m'manja mwa mwana wawo Siwan, amene ndinamuphunzitsa ndekha ndipo mapu sanawamvepo. Iye anati anthu awiri operekeza gulu limodzi n'kuwononga, popeza masiku ano aliyense ali ndi foni. Ine atandichita opaleshoni ya bondo, Siwan anagamula kuti Idwal atsogolere yekha ulendo wa Lachitatu, wokwera phiri n'kutsikira kugombe la Tal-y-bont. Akatha, ntchito ndi yake. Akalephera, basi.

Lachiwiri masana Idwal anabwera kudzandiona.

"A Idwal, njira ya ku Tal-y-bont mukuidziwa bwino?"

"Ndapitako kangati, aphunzitsi?"

"Mwina kuposa mazana atatu."

"Ndiye mukundifunsiranji? Bondo lakwera kumutu?"

Ndinamupatsa mapu. Anawapinda mwaulemu, n'kuwaika m'thumba limodzi ndi masiwiti.

Za Lachitatulo ndinazimva kwa alendo komanso kwa iye mwini, ndipo mpaka lero sizikugwirizana m'mutu mwanga. Ananyamuka ndi anthu khumi ndi anayi. Asanatuluke n'komwe m'tauni, Idwal anayamba kuima pambali kuti anthu adutse. Miyendo yake inkakana kupitirira munthu. Pofika pakati pa phiri, amene anali patsogolo anali dokotala wa mano wa ku Birmingham, yemwe kuno anali asanafikeko chibadwire, ndipo iyeyo ankaganiza kuti akutsatira winawake.

Pamwamba panagwa nkhungu. Pamene mpanda wa miyala umagawa njira pawiri, gulu linaima kudikira mtsogoleri wawo, amene anafika pomalizira atagwira mkono wa mayi wina wa mphumu.

"Bambo Pugh, tilowere kuti?"

Akuti Idwal anayang'ana kumanzere, anayang'ana kumanja, kenako anatembenuka n'kupenya kumene anachokera.

"Malo ano ndimawadziwa ndikayang'ana uku," anatero.

"Uko ndiye kumene tachokera, bambo."

"Eya. Geti iyo ndi yanga. Imavuta loko."

Mafoni analibe netiweki. Analowera kumanja, n'kutsikira ku Bontddu, mbali ina ya phiri kumene kulibe gombe. Anabwerera pabasi dzuwa litapendeka, ali anthu khumi ndi asanu ndi awiri. Atatu owonjezerawo anali a gulu lina. Idwal anawapeza atakhala pamwala, anzawo atawasiya, ndipo sakanatha kuwapitirira.

M'mawa mwake ndinapita kuhotela ndi ndodo zanga ziwiri. Idwal anali ataima pakhomo la ofesi, chipewa chili m'manja.

"Siwan, wataya ndani munthuyu? Werenga alendo ako."

"Ndawerenga, a Probert. Achuluka."

"Ndiye vuto lili pati?"

"Njira sakuidziwa. Anthu anafuna nyanja, iye wakawaonetsa siteji ya basi."

Ndinamuuza zambiri. Ndinamukumbutsa kuti mayi ake sakanachita zimenezi, kuti m'zaka zonsezi palibe mlendo amene anagona kuphiri, ndiponso kuti iyeyo mayeso anga analephera kawiri. Chomalizachi chinali chosafunika, koma ndi choona.

Idwal anandigwira paphewa.

"Musiyeni mwanayu, aphunzitsi. Akunena zoona. Ine patsogolo ndinkangoona zidendene." Anatembenukira kwa ine. "Koma ndifunse. Pamphambano paja, mukalowera kumanzere, nyanja imaoneka?"

"Yonse, mpaka kuzilumba. Si paja timaima nthawi zonse kuti anthu aone?"

"Mumaima inu. Ine ndikamafika ndi wotsalira, mumakhala mwanyamula kale chikwama."

Ndinafuna kumutsutsa, koma sindinapeze tsiku ngakhale limodzi loti ndimukumbutse. Mtsogoleri amawerenga anthu, akaona womaliza watulukira amanyamuka. Ndi mmene tonse timachitira, ndipo palibe anandiuzapo kuti n'kulakwa. Nanga iyeyo, zaka zonsezo, pakamwa anali atasoka? Ndinamufunsa zimenezo pomwepo, mokalipa.

"Munali kutali, aphunzitsi. Ndikanakuwa?"

Siwan sanasinthe maganizo. Anamupatsa Idwal botolo la kachasu wa ku Scotland, chonsecho munthuyo samwa, ndi kalata yothokoza imene analakwitsamo dzina la famu yakwawo. Gulu la Lachisanu linapita ndi mtsikana wa ku yunivesite, yekha, ndipo mlimi wa kumtunda anaimba foni kuti nkhosa zake zili mumsewu.

Idwal tsopano amathandiza mlongo wake pasitolo ya nyambo za nsomba pafupi ndi doko. Ine ndalemba makalata atatu odandaula, awiri kwa Siwan ndi imodzi ku bungwe la oyenda pansi. Yachinayi ndinaiyamba sabata yatha, koma yaima pamzere woyamba, chifukwa sindikudziwa kuti ndiilembere yani.