Efo Gameli ndi Phiri la Mitu Iwiri

Amalume anga, Efo Gameli, anayamba kumeta anthu pansi pa mtengo wa mango ku Juapong ine ndisanabadwe. Mpando unali womwewo zaka zonse, galasi lomwelo losweka pakona, ndipo pakamwa pawo sipanafewepo. Mwana akamagwedeza mutu ankamuuza kuti, "Khazikika iwe, khutu likagwa amayi ako sindiwabwezera." Ana a m'kalasi mwanga ankawaopa, komabe Loweruka ankadzaza benchi lawo, chifukwa akamaliza kumeta ankamuikira mwana mtedza wokazinga m'dzanja.

Kwawo kwenikweni ndi ku Gbetekope, mudzi umene uli pansi pa nyanja ya Volta. Pamene boma linkatseka mtsinje ndi damu, iwo anali kamnyamata. Anthu anakwezedwa m'malole ndi mbuzi zawo ndi miphika yawo, koma manda anatsala, ndipo mayi awo anali atangoikidwa kumene chaka chomwecho. Chichokereni kumeneko Efo sanakwerepo bwato, sanadyeponso nsomba ya m'nyanjayo. Munthu akawabweretsera ankati, "Kapatse galu wako. Ine sindidya chimene chinadya amayi anga."

N'chifukwa chake tinadabwa pamene mwana wawo Delali, amene amagwira ntchito padoko ku Tema, anaimba foni kuti wagula matikiti a banja lonse pa sitima ya alendo yoyenda panyanjayo pa Isitala, Efo n'kuvomera. Anangofunsa ngati sitimayo imadutsa pafupi ndi phiri la mitu iwiri. Delali anati imadutsa, chabe kuti nkhalamba ivomere.

Chimene anavomerera anandiuza ine. M'banja mwathu mwana akabadwa, wamkulu amapita naye kumene makolo anagona, n'kuthira kachasu, kuitana akufa mayina awo, kenako kutchula dzina la mwanayo ali pomwepo kuti amudziwe. Amene anapita ndi Delali pabwato ali khanda ndi achimwene awo a Efo, amene anamwalira kale. Koma ana a Delali, mtsikana Makafui ndi kamlongo kake Edem, palibe anawachitira zimenezi. Gbetekope unali patsinde pa phiri lija, limene tsopano ndi chilumba, ndipo mwa ife tonse Efo okha ndiwo ankalidziwa. Maso awo anali atayamba kuchita ng'ala.

"Aphunzitsi," anatero, poti ndi mmene amanditchulira akafuna kundituma, "chaka chamawa ndidzakhala ndikumeta anthu makutu. Ndi chaka chino basi."

Mkangano unayambira polowera. Mlonda wa sitima anapisa dzanja m'chikwama cha Efo n'kutulutsa botolo la akpeteshi, kachasu wa kwathu.

"Zakumwa zochokera kunja sizilowa, bambo. Bala ili m'kati."

"Ukuona ngati ndi langa? Ndi la amayi anga."

"Ndiye amayi anuwo akagule kubala."

Anthu a pamzere anaseka. Efo anakweza ndodo, ine n'kuigwira. Delali anayang'ana uku ndi uku ndi manyazi. "Papa, chonde, anthu akutiona. Lisiyeni, ndikugulirani mowa wabwino m'kati."

"Mowa wabwino! Agogo ako anamwapo mowa wa azungu liti?"

Botolo linatsala pansi pa tebulo la mlonda.

Sitimayo inali yokongola, zimenezo sindikana. Inali ndi zipinda zosanjikizana, oimba atavala malaya ofanana, kadziwe kosambiramo ana, ndi mtsikana wojambula ana agulugufe pamasaya. Edem ankathamanga kuchoka mbali ina kupita ina akukuwa kuti waona ng'ona, pamene chinali chitsa. Ndinasangalala kumuona. Ana aja sanalakwe kanthu tsiku limenelo, ndipo ndikufuna zimenezi zimveke.

Efo anakwera pamwamba n'kuima kutsogolo atagwira chitsulo cha m'mphepete, padzuwa, osavala chipewa. Anauza Delali kuti ana asatalikire. Anayankha ndi mkazi wa Delali, Sitsofe, akupaka Edem mafuta kumaso.

"Apongozi, anawa abwera kudzasangalala, sanabwere kumaliro. Komanso ife kutchalitchi kwathu zimenezo sitichita."

"Sindinakupemphe kuti uthire ndiwe, mayi. Ndapempha kuti aime pambali panga."

"Tiona, Papa," anatero Delali, maso ali pafoni. "Nthawi ilipo yambiri."

Chakudya chamasana chinali banku, nsima ya kwathu, ndi nsomba yowotcha. Woperekera zakudya anawapititsira Efo mbale pamwamba pomwepo, ndipo mawu amene anamubweza nawo sindingawalembe. Atatha kudya anthu, mnyamata wa chokuzira mawu anaitana ana onse kuchipinda chapansi kumpikisano wovina. Sitsofe anatsika nawo. Delali anatsatira kuti akajambule.

Ndinatsala ndi Efo. Ankatsinzina, kupukuta maso ndi mpango, kuyang'ananso. Kenako anandigwira mkono mwamphamvu mpaka kuwawa.

"Lija! Ukuliona? Mutu wakumanja ndi waufupi?"

"Ndi waufupi, amalume."

"Thamanga. Katenge ana."

Ndinatsika masitepe ndikugunda anthu. Pansi panali phokoso loti munthu sungamve mnzako. Makafui anali atatuluka kale mumpikisano, atakhala pambali akumwa madzi a m'kapepala ka pulasitiki. Edem anali pakati, mwa ana ochepa otsala, akuvina thukuta lili kamukamu, anthu akumuombera m'manja. Ndinakoka Delali malaya.

"Phiri lafika. Mutenge mwana."

"Dikira amalize, watsala pang'ono kuwina."

"Delali, sitima siima!"

"Achemwali, musandikalipire ngati ndili m'kalasi mwanu. Phiri silithawa. Tiliona pobwerera."

Ndinalowa m'bwalo kuti ndimunyamule ndekha Edem, koma Sitsofe ananditchinga. "Mwana wanga musamugwire." Wa chokuzira mawu uja anati, "Azakhali nawonso akufuna kuvina! Aombereni m'manja!" Anthu anaombadi.

Ndinagwira dzanja Makafui n'kukwera naye. Tinapeza phiri lili pambali penipeni pa sitima, Efo atakwiya, m'manja mulibe kanthu. Mowa wabwino uja Delali sanagule.

"Edem ali kuti?"

"Akana naye."

Anatukwana mwana wawo, anatukwana damu, anatukwana sitima ndi amene anaipanga. Makafui anawayang'ana mwamantha, kenako anawapatsa kapepala kake ka madzi, kolumidwa pakona. "Agogo, awa sangachite?"

Efo anakalandira. Anavula nsapato, n'kutsitsa nsalu paphewa monga amachitira akuluakulu, n'kufinyira madziwo kunyanja pang'onopang'ono. Anaitana mayi awo, bambo awo, ndi ena amene ine sindinawamvepo. "Pepani, ndabwera ndi madzi a mwana, kachasu andilanda. Uyu ndi Makafui, mwana wa Delali. Muoneni bwino. Winayo ndalephera kubwera naye." Alendo awiri amene ankamwa chapafupi anatukula mafoni kuti ajambule. Ndinaima kutsogolo kwawo mpaka anawatsitsa.

Edem anakwera patapita nthawi, ali paphewa pa bambo ake, akugwedeza chibaluni chimene anawina. Phiri linali litatsalira kutali kumbuyo.

"Tabwera, Papa. Chitani tsopano zija."

"Pano? Pano ndi pamanda a anthu ena, chitsiru iwe. Ukufuna ndikapereke mwana wako kwa alendo?"

Pobwerera sitima inazungulira mbali ina ya zilumba, monga imachitira masiku onse. Delali akanafunsa aliyense wogwira ntchito mmenemo akanamuuza. Phiri sitinalionenso.

M'galimoto Makafui anafotokozera mlongo wake zimene zinachitika pamwamba. Edem anafunsa kuti, "Agogo, ndiye ine a pansi pa madziwo sakundidziwa?"

"Funsa bambo ako."

Mwanayo analira mpaka kugona. Ndaphunzitsa ana zaka zambiri ndipo ndimapirira zinthu zochuluka, koma zimenezi zimandipsetsa mtima mpaka lero: akuluakulu anakangana, wolira n'kukhala mwana amene anangovina bwino.

Mvula isanathe chaka chimenecho Efo anacheka khutu la munthu koyamba m'moyo wawo, ndipo anapereka lumo ndi mpando kwa wometa wina. Ng'ala anakawachotsa kuchipatala, koma madokotala anapeza kuti kuseri kwake maso anali atafa kale ndi nthenda ina. Masiku ano amakhala pansi pa mango womwewo, akuzindikira anthu ndi mawu ndi kudzudzula kametedwe kamene sakukaona.

Isitala yotsatira ili pafupi Delali anabwera yekha. Edem anali asanasiye kufunsa funso lija, ndipo zinkaoneka kuti bambo ake atopa nalo. Anakhala pabenchi n'kuvula chipewa.

"Papa, ndigulanso matikiti. Ulendo uno ana aima pambali panu kuyambira ponyamuka. Botolo ndibisa ndekha."

Efo anatembenuzira nkhope kumene kunkachokera mawuwo.

"Zilumba za panyanja paja ukuzidziwa kuchuluka kwake? Ndiye phirilo akandionere ndani? Iweyo?"

Delali anayang'ana kwa ine. Ine ndinaliona kamodzi kokha, ndikuthamanga, ndipo ndinamuuza zoona kuti sindingalumbire kuti ndi liti.