Ngalande ya a Fulgencio

Munthu asayerekeze kunyoza a Fulgencio ine ndili pompo, ndingamukalipire mpaka makutu kuwawa. Bambowa anabadwira konkuno ku Murcia dera lathu likadali minda ya mandimu yokhayokha. Mzinda utakula, anzawo onse anagulitsa malo. Lero kamunda kawo ka mitengo isanu ndi inayi kali pakati pa nyumba zosanjikizana, makhonde ali yangeyange ndi zovala. Koma Lachinayi lililonse, tsiku lawo lothirira chiyambire nthawi ya makolo awo, amatsegulabe ngalande.

Chaka chatha bwana wina wa tayi, wokhala m'nyumba zomwezo, anafuna ngalandeyo ikwiriridwe, pakhale poimika magalimoto.

"Madala, anthu tachuluka. Madzi onsewa a timitengo tingati?"

Ndinamulumphira. "Iwe, mandimu amene umafinyira pa mpunga Lamulungu amagwa kumwamba?"

"Ginesa, khazika mtima pansi, ukuthawitsa mbalame," anatero a Fulgencio.

Msonkhano wa eni nyumba wokambirana za ngalandeyo unagwera Lachinayi, mu Ogasiti, mwezi wa dzuwa loswa mtengo kuno, holo ikutentha ngati uvuni. A Fulgencio anangoti, "Bwerani kumthunzi kwanga, mipando ilipo." Anthu atakhala pansi pa mitengo, iwo anatsegula madzi. Amayi ena anavula nsapato n'kuviika mapazi, ena onse n'kutsatira.

Povota, dzanja lofuna kukwirira linakwera limodzi lokha, la bwana uja. Nalonso linatsika msanga, poti mwini wake ankapinda buluku kuti lisanyowe.