Mjigo wa Kumsitu

Kwathu ku Pembamoyo, munthu wamkulu akakuyankha kuti "tamva," usathamange kukauza anzako kuti wavomera. Wangomva basi. Ngati uli ndi nzeru umadikira anthu abalalike, n'kumutsatira pambali kuti akuuze chimene chamuvuta kunena pagulu. Ngakhale mwana wa kwathu amadziwa zimenezi, koma anthu amene anabwera ndi ndalama za boma kudzatikumbira mjigo analibe nazo nthawi.

Amayi anga anatunga madzi kudambo moyo wawo wonse. Chitsime chake chili kumunsi, njira yake ndi yotsetsereka, ndipo mvula ikagwa imaterera ngati therere. Pofika chaka chimene ndikunenachi maondo awo anali atatupa. Ndinkawaletsa, koma ndikangopita ku munda wa thonje iwo ankanyamula kachidebe kawo n'kutsetsereka. Ankati munthu wosatunga madzi ndi mlendo pakhomo pake pomwe.

Ndiye titamva kuti mudzi wathu wasankhidwa kulandira mjigo, ndinasangalala chifukwa cha iwo. Anatiuza kuti boma libweretsa makina, mapaipi ndi simenti, ife tisonkhanitse mchenga ndi miyala. Mukudziwa kale amene anagwira ntchitoyo. Azimayi tinasenza mchenga mpaka makosi kuuma, ndipo amayi, poti sakanatha kusenza, anakhala pansi pa mtengo wa mango n'kumaphwanya miyala ndi hamala. Zala zawo zinachita matuza, koma ankaseka. "Chaka chamawa ndizikatunga nditavala nsapato," ankatero.

Akuluakulu a boma anabwera mu Okutobala, dziko lonse litauma gwa. Anayenda ndi zingwe zawo zofufuzira madzi, kenako maso awo anagwera pa msitu wa kumadzulo kwa mudzi, malo okhawo amene anali obiriwira. Sanafunse chifukwa chake anthu osowa nkhuni ngati ife sitinadulepo ngakhale nthambi imodzi. Msitu umenewo ndi manda athu. Mkati mwake mulinso dambwe, kumene amuna a gule amakonzekera, ndipo mkazi kapena munthu wosavinidwa sayandikirako kupatula tsiku la maliro.

Msonkhano unachitikira pansi pa mango omwe aja. Dalaivala wawo sanazimitse n'komwe galimoto. Wamkulu wawo, bambo wa malaya oyera, anaimirira n'kunena kuti, "Madzi ambiri tawapeza m'mphepete mwa msitu uja. Makina akubwera sabata yamawa. Tagwirizana?"

Onse anayang'ana atsibweni anga, mlongo wawo wa amayi, amene anali wapampando wa komiti ya madzi. Dzina la dambwe sakanalitchula pamaso pa akazi, ana ndi alendo. Anayang'ana pansi, nakanda dothi ndi ndodo yawo.

"Tamva, bwana," anatero.

Bambo uja anawomba m'manja. Ine ndinaimirira mwana ali kumsana.

"Pepani bwana, kumeneko ife azimayi sitipitako."

"Mayi, chitukuko chimafuna kuyendako pang'ono," anayankha akuseka. "Mufuna tikukumbireni m'khitchini mwanu?"

Anzake anaseka nawo. Atsibweni anandiloza ndi ndodo kuti ndikhale pansi, ndipo ndisanakhazikike n'komwe fumbi la galimoto linali litafika kale pasukulu.

Madzulo ndinawapeza atsibweni akusoka thumba la mtedza pakhonde.

"Atsibweni, mwavomereranji?"

"Ndavomera liti ine? Ndinati tamva. Akanakhala munthu woleredwa bwino akanabwera kudzandifunsa pambali."

"Ndiye akapanda kubwera?"

"Abwera."

Sanabwere. Kunabwera makina ndi anyamata a kontrakitala amene anati iwo amakumba pamene pakhomedwa chikhomo, zina sakuzidziwa. Ndikakumbukira pamenepa ndimapsa mtima kawiri. Ndimapsera mtima bambo wa malaya oyera amene anafunsa funso galimoto ikulira, ndimapseranso mtima amuna a m'mudzi mwathu. Sabata yathunthu inalipo. Njinga anali nazo. Panalibe ngakhale mmodzi amene anapalasa kupita ku Boma kukanong'oneza mawu awiri m'khutu la munthu. Ankadikira kuti ulemu uwatsatire pakhomo, poti madzi osamba ankawapeza ali kale m'bafa.

Tsiku lopereka mjigo anatilola kufikako, tonse pamodzi ngati pamaliro. Anatiimika pamzere ndi zidebe zopanda kanthu, anatiuza kuti tilulutire, anajambula zithunzi. Amayi anawaika kutsogolo chifukwa cha imvi zawo. Anagwira chogwirira cha mjigo, wojambula anati "basi," ndipo tinabwerera kunyumba zidebe zili mbee.

Kuyambira pamenepo palibe mkazi amene anatungako. A mabanja a gule ankaopa mwambo. Ife a tchalitchi tinkati madzi a pafupi ndi manda sitingamwe, komanso kunena zoona tinkaopa zilombo mofanana ndi anzathuwo. Mtengwa wina wochokera ku Zemba anayesa tsiku lina, anakumana ndi chilombo chikutuluka m'tchire, anathawa n'kusiya chidebe. Kwa nthawi yoyamba a tchalitchi ndi a gule tinagwirizana pa chinthu chimodzi: tonse tinabwerera kudambo.

Nditagulitsa thonje ndinabwereka njinga ya amuna anga n'kupalasa mpaka ku Chadiza Boma. Ndinadikira pabenchi mpaka dzuwa kupendeka, ndipo pamapeto anandilowetsa kwa bambo wina wachinyamata.

"Mudzi wanu uli kale ndi mjigo," anatero. "Wawonongeka?"

"Ayi."

"Madzi akutuluka?"

"Akutuluka."

"Nanga vuto n'chiyani, mayi?"

Ndinamufotokozera zonse, osabisa. Ameneyu sanaseke. Kalankhulidwe kake kanali ka kwathu konkuno, ndipo nditangotchula msitu anadziwa. Anati ndalama za chaka chimenecho zapita ku midzi imene ilibe mjigo, ndipo boma silingakumbe kawiri pamudzi umodzi. Ndinamufunsa kuti chaka chamawa bwanji. Anayang'ana patebulo, nasuntha cholembera chake.

"Chabwino mayi, tamva."

Ndinatuluka osatsanzika. Mawu amenewo sindinafunikire munthu wondimasulira.

Amayi anagwa mu Febuluwale wotsatira. Ine ndinali kumunda. Ana a sukulu anawapeza atagona m'matope pa mtsetse wa kudambo, kachidebe katagubuduzika mpaka m'mabango. Tinawanyamula pa ngolo kupita ku kiliniki, kumeneko anatitumiza ku chipatala chachikulu, ndipo anati fupa la m'chiuno lathyoka. Anabwerako, koma sanaimirirenso. Ankagona pamphasa n'kumapepesa ndikamawasambitsa, ati akundithera madzi. Anamwalira tikukumba mtedza.

Njira ya kumanda imadutsa pa mjigo pomwepo. Popita sindinayang'ane. Pobwera, titawaika amayi, ndinaona adzukulu, amuna okumba manda aja, atazungulira mjigo akutsuka makasu ndi mapazi awo. Madzi ankatuluka ambirimbiri n'kumangoyenderera m'udzu. Ndi ntchito yokhayo imene mjigo wa boma unkagwira pamudzi pathu.

Ndinachoka pamzere wa azimayi. Wina anandikoka chitenje, ndinamukutumula. Adzukulu anapatuka. Ndinaponda pa simenti ija, imene mkati mwake muli miyala yophwanya amayi, ndinagwira chogwirira n'kupopa. Chinali chofewa, moti ngakhale nkhalamba ya maondo otupa ikanapopa ndi dzanja limodzi. Madzi ake anali oyera, ozizira, opanda fungo lililonse.

Ndinatunga m'manja awiri n'kupita nawo pamene anaima atsibweni, akudontha m'zala.

"Atsibweni, madzi a alongo anu awa."

Anayang'ana manja angawo mpaka madzi onse anathera pansi. Tsiku limenelo ngakhale "tamva" sanamunene.