Munda umene a Emrys anafuna kubweza

Ndikukumbukira Loweruka lina m'nyengo yachisanu, pamene amayi anapita nane kuntchito kwawo. Tinkakhala ku Hyattsville, kuno kutsidya kwa nyanja, zaka za m'ma 1990 zili pakatikati, ine ndili ndi zaka zisanu ndi zinayi. Anti a ku Lusaka amene ankandisunga anali atagona ndi chimfine, ndiye amayi analibe pondisiya. M'basi monse ankangobwereza zomwezomwezo: mwana saloledwa kuntchito, ndikakhale kukhitchini ngati mpando, ndipo mapepala athu okhalira m'dziko muno sanalongosoke, choncho chilichonse choitanitsa apolisi chitibweza ku Thyolo.

Amayi ankasamalira nkhalamba ina ku Wheaton, a Emrys, mzungu wamtali wa ku Wales amene mutu unali utayamba kusokonekera. M'nyumba mwawo munkamveka fungo la mankhwala opaka ndi buledi wopserera. Amayi atatsikira kuchipinda chapansi kukachapa zofunda, ndinakhala phee monga anandiuzira. Koma mpando suyetsemula. Ine ndinayetsemula, ndipo potukula maso ndinawaona ataima pakhomo, atavala juzi yokhuthala ndi masilipasi, akundiyang'ana ngati mlendo amene akhala akumudikira kuyambira kalekale.

Anandigwira pamkono n'kupita nane pabalaza. Khoma lonse linali zithunzi za makolo awo: azibambo a ndevu zam'mbali, azimayi a madilesi otukumuka ngati maambulera. Pakati panali chinyumba chamiyala cha mawindo osawerengeka, nkhosa zili mbwee kutsogolo kwake. Anayamba kundilozera mmodzimmodzi. Uyu ndiye anamanga nyumbayo. Uyu ankaweruza milandu m'dera lonselo. Uyu anakumba migodi m'phiri n'kulemera, mwana wake n'kumwaza zonse pa mahatchi ndi mowa. Nkhondo yaikulu itatha minda inagulitsidwa, nyumba ija anaisasula denga, iwo n'kukwera sitima yapamadzi kubwera kuno. Ndinadabwa kuti munthu woiwala kuti wadya kale akukumbukira bwanji anthu akufa onsewa.

Kenako chala chawo chinaima pa bambo wina wa timaso ting'onoting'ono. Anali agogo awo. Anati pa chisankho china, alimi okhala pa minda ya banjalo anavotera munthu amene agogowo sankamufuna, ndipo anawathamangitsa m'nyengo yozizira, akazi ndi ana omwe. Atanena izi anandiyang'anitsitsa, zala zawo n'kulimba pamkono panga.

"Iwe ndiwe mwana wa kumunda wa kumtsinje uja," anatero m'Chingerezi. "Anakuchotsani mopanda chilungamo. Tiye ndikakubwezereni munda wanu."

Chitseko chakutsogolo chinali ndi loko wina pamwamba, woti asamatuluke okha, koma tsikulo dzanja lawo linamupeza mosavuta. Ndinaitana amayi, mawu anga n'kumizidwa ndi phokoso la makina ochapira. Kunja mphepo inandiwomba kumaso ngati mbama. Jekete langa linali litatsala kukhitchini. Tinatsetsereka ndi kanjira koterera, chipale chofewa chili phwasaphwasa kumapazi, iwo akuyenda mwachangu chimene sindinkayembekezera kwa munthu wa msinkhu wawo. Ankayankhula okha m'chinenero china chokhala ngati munthu akupemerera moto, chimene ndinadzadziwa pambuyo pake kuti n'chakwawo.

Kutsogolo kunali msewu waukulu, magalimoto akudutsa mothamanga n'kumawaza matope akuda. Iwo ankati ndi mtsinje, ndipo powolokera ndi pomwepa. Mwina ndikanadzigwedeza mwamphamvu ndikanapulumuka, koma ndinkadziwa kuti ndikawasiya alowamo okha. Tikufika m'mphepete, ndinakolowekera mkono wina ku chitsulo cha pokwerera basi n'kukakamira. Anandikoka, ine ndinakoka. Chitsulocho chinkaluma ndi kuzizira. Phazi lawo limodzi linali litatsika kale mumsewu pamene lole ina inaliza hutala n'kutidutsa pafupi kwambiri, mphepo yake n'kuwavula silipasi.

Apo m'pamene galimoto ya apolisi inaima pambali pathu, nyale zake zikuphethira.

Nditacheuka ndinaona amayi akutsetsereka chothamanga, atavala masokosi okha. Ataona nyale zija anaima. Kanali kamphindi chabe, koma ndinaona nkhope yawo itauma gwa, ndipo ndinadziwa zimene zinkayenda m'mutu mwawo. Kenako anayambanso kuthamanga, kulunjika kwa ife.

Wapolisiyo, mnyamata wa masaya ofiira, anafunsa kuti mwanayu ndi wa ndani, nanga mayi awa ndi ndani kwa bambowa. Ndiye a Emrys anadziwongola, phazi limodzi lili pachipale, n'kumuyang'ana wapolisiyo kuchokera pamwamba ngati woweruza wapakhoma uja.

"Mnyamata iwe, awa ndi anthu a pamalo panga, ndipo palibenso amene awavutitse. Ngati uli ndi galimoto, tiperekeze kunyumba."

Wapolisi uja anayang'ana silipasi yotsala, anayang'ana yunifolomu ya amayi, n'kutsegula chitseko chakumbuyo. Anatisiya pakhomo atangonena kuti loko uja asinthidwe. Sanafunsenso china.

Ndinkayembekezera chikwapu, koma amayi anangondikuta ndi bulangeti, n'kugwada kuviika mapazi a nkhalamba ija m'beseni la madzi ofunda. A Emrys anali ataiwala zonse, akufunsa ngati tiyi wapsa. Ndinawafotokozera amayi za munda uja ndi alimi othamangitsidwa. Anapitiriza kusisita mapazi aja. Kenako anandiuza m'Chichewa, motsitsa mawu, kuti agogo a amayiwo nawonso anagwetseredwa nyumba pa esiteti ina ku Thyolo chifukwa chokana thangata, ndipo anachoka atasenza ana ndi miphika mvula ikugwa.

"Ife palibe anatilondola kudzatibwezera, mwanawe," anatero. "Ngakhale wosokonekera mutu."

A Emrys anamwalira pasanapite nthawi yaitali, ndipo nyumba yawo inagulidwa ndi banja lina la obwera ngati ife. Masiku ano zitseko za okalamba zimalira zokha zikangotsegulidwa, makamera ali ponseponse, moti zimene zinatichitikira sizingachitikenso. Amayi anapuma pantchito, ndipo akaona galimoto ya apolisi sasinthanso njira. Ine ndakula, ndamva anthu ambiri anzeru zawo akulongosola bwino chifukwa chake zolakwa za makolo si mlandu wawo. Amene ndinamuona ndi maso anga akutuluka panja pachisanu kukakonza zimene agogo ake anawononga ndi mmodzi yekha, ndipo madokotala ankati ndi wodwala.