Kukaona Leza wa achemwali

Ndinanyamuka ku Mulhuddart, kuno kwa azungu, 9 koloko m'mawa ngati nthumwi ya amayi. Kwa amayi ku Ntcheu kunafika mbiri yoti achemwali anga, a Tadala, amadzitsekera m'chipinda chamdima ku yunivesite n'kumagwira ntchito ndi Leza. Amayi, Mkatolika wa kolona m'khosi, anasiya kuyankha foni yawo. "Kaone mpingo umenewo," anandilamula. Anasankha ine poti ndine wophunzira: koleji ndinaipirira chaka chathunthu.

Basi inadya 2 euro pakhadi. Pambali panga panakhala bambo wa ku Chipata.

"Muyenda kuti, akulu?"

"Kukaona Leza."

Anandiyang'ana mwachisoni. "Tonse tizayenda, koma osathamanga." Anandigawira bisiketi.

Ndinatsika m'tauni 10 koloko, mvula ikuwaza cham'mbali. Ndinagula kabuledi ka nkhuku ka 5 euro, poti mboni yanjala imanama, n'kuyenda wapansi.

Pakhomo la chipinda chija achemwali anandiveka magalasi akuda ndi timatumba kunsapato. Ndinati mumtima, amayi sananame, nayenso Mose anayambira kunsapato.

Leza wake ndi bokosi lachitsulo patebulo, lozunguliridwa ndi tigalasi.

"Kuwala kwa bokosili kukamenya atomu, kanthu kake kena kotchedwa elekitironi kamathawa," anatero. "Ine ndimayeza nthawi imene kathawira."

"Ndi wotchi?"

"Mphamvu ya kuwalako imazungulira ngati muvi wa wotchi. Kumene kanthuko kagwera kumatiuza nthawi."

"Ndiye kamachedwa bwanji?"

"Gawa sekondi, ugawenso mpaka ukalambe. Akatswiri akukanganabe ngati kamachedwa n'komwe."

Ndinagwedeza mutu monga ndinkachitira m'kalasi.

12 koloko ndinaimbira amayi pa vidiyo.

"Amayi, ndafufuza. Kulibe m'busa, kulibe kwaya. Leza wake ndi wa Chingerezi, nyali chabe."

Amayi anayang'anitsitsa bokosilo.

"Amazima?"

Achemwali anadina batani. Kanyali kapakhomo kosonyeza kuti Leza wayaka kanathima.

"Ameneyo si Leza," anagamula amayi. "Mpatse foni mwana wangayo." Kenaka mawu anakwera: "Iwe Tadala, waonda chonchi bwanji? Ukudya?"

Achemwali analira osavula magalasi.

Pobwerera m'basi ndinasinkhasinkha monga afilosofi anzanga. Za elekitironi sindinamvepo kanthu. Koma mkwiyo wa amayi ndinauona ukuthawa ndi maso angawa, ndipo ndikulengeza kwa akatswiri onse kuti sunachedwe.