Kukafuna Bwalo la Bambo a Mayi Ruth

Tinanyamuka ku Wheaton Loweruka m'mawa, ine ndi Mayi Ruth, mayi wokalamba amene ndimawasamalira. Bambo awo anali m'gulu la anyamata oyambirira kusewera mpira wa kuno ku koleji, uja wothamanga nawo m'manja, zipewa zolimba zisanabwere. Atathyoka phewa anasiya, nakhala mtolankhani, kenako n'kumalemba mabuku a mbiri ya mzinda uno. Maso a Mayi Ruth akutha, ndiye ankafuna kuona bwalo limene bambowo ankasewerapo mdima usanatseke.

Pasiteshoni ya sitima zapansi panthaka tinatsika pa chikepe chifukwa cha njinga yawo ya olumala. Ine ndinalipira madola asanu, iwo theka. "Phindu la ukalamba ndi lomweli," anatero. Pa Metro Center tinachoka m'sitima yofiira n'kukwera ya buluu.

Tinafika ku Foggy Bottom dzuwa lili paliwombo. Ndinakankha njinga msewu ndi msewu mpaka mikono kuwawa. Pamalo pamene ankakumbukira tinapeza chinyumba chagalasi, pansi pake poimika magalimoto. Mlonda wake, wa ku Lusaka, anandimva ndikudandaula ndekha.

"Amai, mufuna chani?"

"Bwalo la mpira lakalekale."

"Pano? Awe, kulibe. Ine ninapeza chabe maofesi."

Tinakhala pa benchi n'kutsegula masangweji a nkhuku. Iwo anangoluma kamodzi.

"Bambo anabwera nane kuno ndili kamtsikana," anatero Mayi Ruth. "Anayamba kundiuza za tsiku limene anathyoka phewa. Ine mtima unali pa ayisikilimu. Ndinawakoka dzanja, iwo n'kusiyira pomwepo. Sanaiyambenso nkhaniyo."

"M'mabuku awo mulibe?"

"Analemba za milatho, za matchalitchi, za anthu ena. Za iwo eni, ngakhale mzere umodzi."

Anayang'anitsitsa chinyumba chija, akutsinzinira diso limodzi. Kenako anandigwira mkono.

"Esinati, mwina si pano n'komwe. Palibenso woti ndimufunse. Tiyeni tizipita."

Pobwerera anagona njira yonse. Madzulo, tikutuluka pasiteshoni ya Wheaton, anadzidzimuka n'kundifunsa ngati bambo anga ali moyo. Ndinati anamwalira ku Ntcheu, ine ndili kuno.

"Ankakonda kukamba zotani?"

Ndinakankha njinga mpaka pakhomo ndikufunafuna yankho. Tinatha tsiku lonse kusaka bwalo la bambo a eni, koma za bambo anga chimene ndinakumbukira ndi mawu awo a pafoni: "Ife tili bwino, mwanawe, usathe mayunitsi."